Tsiku Limene Ndinakhala Kaputeni pa Chilwa

Anzanga, nditangofika kumene ku Phalombe ngati mlangizi wa ulimi, ndinalibe mnzanga wina koma gemu imene inali pa laputopu yanga. Ndimaisowa mpaka lero. Mu gemuyo unkakhala chigawenga cha panyanja cha makedzana, munthu amene anasiya mkazi kwawo kukasaka chuma. Pamtunda unkayenda chozemba, kubisala m'minda ya nzimbe mpaka asilikali okusaka atakuiwala. Panyanja unkagwira chiwongolero cha chombo, mizinga ikulira, amalinyero ako akuimba. Loweruka lonse linkathera pamenepo, ndipo ndinali katswiri, osanama.

Ndiye ndinapeza mbeta, Estere, ndipo linafika tsiku lokaonekera kwa malume ake, a Muhiwa, amene amalima mpunga kufupi ndi Chilwa. Mawu awo ndiwo anali omaliza pa ukwati wathu. Cholinga changa chinali chabwinobwino: kukhala pansi, kuyankha mwaulemu, kubwerera. Koma atandifunsa ngati madzi ndimawadziwa, poti kwathu ndi kumapiri ku Ntchisi, pakamwa panga panandipereka. Ndinati zombo ndayendetsapo zambiri, zina pa namondwe. Kodi linali bodza? Ndinangosiya kutchula laputopu.

A Muhiwa anakondwa. Anati tipite tikaone munda wawo wa kutsidya kwa dambo, ndipo pokwera bwato anandipatsa nsungwi yaitali yokankhira, iwo ndi Estere n'kukhala phee ngati mabwana.

Ndinakankha koyamba, bwato linazungulira n'kuyang'ana kumene tachokera. Ndinati ndikuyesa mphepo. Kachiwiri ndinakankha ndi mphamvu zonse za munthu wofuna banja, nsungwi inazika m'matope n'kukana kuzuka. Apa munthu wanzeru amataya nsungwi. Ine ndinataya bwato. Linapitirira ndi eni ake, ine ndili lende pansungwi ngati nyani, ikuwerama pang'onopang'ono mpaka ndinagwera m'madzi, khuvuu!

Ndinakuwa kuti ndikumira, ndinaitana amayi anga, ndinalapa ndi machimo amene sindinawachite. A Muhiwa anangoti, "Taimirirani, bambo."

Nditaimirira, madzi anali a m'mawondo.

Manyazi amachotsa nzeru. Azimayi amene ankapalira mpunga chapafupi anali atayamba kale kuseka, ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinkachidziwa bwino: ndinalowa m'mabango n'kunyonyomala. Mu gemu muja ukatero, okusaka amayang'anayang'ana kenako n'kumapita. Koma ndani anaiwalapo mkamwini wovala shati yoyera? Ndinakhala mmenemo udzudzu ukundidya, misundu iwiri itandikakamira pamwendo, ndikumva bwato likubwera mpaka linaima pamphuno panga. Mumtima ndinali nditatsanzikana naye kale Estere, ndipo zinandiwawa kwambiri.

A Muhiwa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Estere.

"Uyu ndiye wabwino, umugwiritse," anatero. "Amuna awiri a m'banja mwathu anathawa akazi awo n'kuwolokera ku Mozambiki pa bwato. Uyu sangafike ndi pakati pomwe."

Umo ndi mmene ndinapezera mkazi, anzanga, osati chifukwa cha sukulu kapena ntchito ya m'boma, koma chifukwa banja linatsimikiza kuti ndilibe kothawira. Chichokereni tsikulo, munthu akandifunsa ngati ndimadziwa chinthu, ngakhale kupalasa njinga kumene, ndimayamba ndafunsa ngati pali madzi pafupi.