Tsiku Limene Ndinanyamula Limbe Yense

Amene akuti ndimanama adzuke apite, benchi lino tikhalapo momasuka. Kuyambira m'mawa mukukangana za msewu umene mwauona pa foni, woti kunja kuli mzere wa galimoto zodzaza anthu zokhazokha. Ena mukuti masana kukakhala zii aziutsegulira aliyense, ena mukuti lamulo ndi lamulo. Ine zilibe nane kanthu, maso anatha, chiwongolero ndinasiya. Koma mzere woterowo tinali nawo pompano, pa msewu waukulu wochoka ku Limbe kuno kulowera m'tauni, ndipo ine Amidu ndinauyendapo. Walahi.

Linali tsiku limene anamwalira apongozi anga aakazi ku Chilobwe, kumene ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Asiyatu. Mukudziwa kuti kwa ife Asilamu maliro sagona, munthu akatisiya m'mawa timakaika ikangotha swala, pemphero lathu la masana. Mwinimbumba, Che Bwanali, malume ake a mkazi wangayo, anandituma ku Limbe kukagula nsanda, nsalu yoyera yokulungira thupi. Sankandikonda ndi kale. Anangoti, "Akamwini, Shehe akaimirira kupempherera maliro nsanda isanafike, ukwati wanu wathera pomwepo."

Nsanda ndinagula, ndinaiika pachifuwa mkati mwa malaya, koma pobwerera ndinapeza lole ya matabwa yagona chopingasa, galimoto zandandana mpaka kuseri kwa mapiri, anthu akhalamo nthawi yaitali moti dalaivala wina amene anachoka kwawo atameta anali akupesa ndevu, mayi wina tomato wake wamuwisi anapsa, naola, namera, nayamba kubereka pampando wakumbuyo. Mukumva? Pambali pakepo mzere uja uli mbee, agalu akuwothera dzuwa. Ndinakhotetsa kagalimoto kanga, wapolisi nkukweza dzanja.

"Madala, muli nokha. Muno ndi mwa zodzaza."

"Bwana, taonani, mulibe ngakhale njinga, ndipo ndikuthamangira maliro."

"Pepani ndithu. Koma lamulo silinatchule nthawi."

Mwana wa eni ake anayankha mwaulemu, ndilibe naye mlandu. Ndinangotsitsa galasi nkukuwa kuti amene akupita ku maliro ku Chilobwe akwere ulere.

Inu, mu Blantyre muno mawu awiri amenewo, maliro ndi ulere, sanenedwa pamodzi. Anayamba mayi Domingo ogulitsa nthochi, amene ndinakhala nawo moyandikana ku Chinyonga, akuti maliro n'kulirana, ndipo sanabwere okha, anabwera ndi kwaya yonse ya amayi a kutchalitchi kwawo. Kenako oitanira minibasi, ogulitsa kaunjika ndi mabelo awo, osoka nsapato, okazinga chipisi ndi ziwaya zili pamoto, akabaza atasenza njinga pamutu, osoka zovala a m'makhonde ndi makina awo, mpaka amene anali m'minibasi zoima zija anatsika nkubwera. Ndikanamukaniza ndani? Munthu wopita ku maliro sabwezedwa, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Anadzaza mkati, anadzaza m'buti, anasanjikizana padenga mpaka wapamwamba ankatiuza kuti ku Mulanje kukugwa mvula, ena anagwirana m'chiuno kumbuyo, moti mphuno ya galimoto ikudutsa pa Chinyonga, mchira unali usanachoke mumsika wa Limbe. Wapolisi uja anachita sawasha, nayenso nkukwera.

Giya sindinkaiona, ndinkangoti, "Amene mwakhalira giya, sunthirani kutsogolo!" Mafuta anatha tisanafike pa Soche, koma kwaya itayamba nyimbo ya maliro mpweya wa amayiwo unatikankha pamtunda ponse, matayala atamira mu phula ngati mapazi m'dothi la dzinja, utoto wa mzere uja ukumatirira kumatayala nkumakulungika ngati ulusi, n'chifukwa chake lero mukapita simuuona. Phiri la Soche linapendekera pang'ono kuti tidutse, ndipo mukaliyang'anitsitsa silinawongokebe. Mukumva? Ine osatekeseka, chigongono chili pawindo.

Tinafika Shehe akungoyamba kupinda miyendo kuti adzuke. Ndinatulutsa nsanda ili yoyera, yopanda ndi banga lomwe, ndinaipereka ndi manja awiri. Apongozi anga, mayi wosauka amene ankagulitsa makala, anaperekezedwa ndi chikhamu chimene Chilobwe sichinaonepo, oyambirira akubwerako kumanda omalizira asanatsike padenga. Pamenepo mtima wanga unakhala pansi, ndinadziwa kuti banja ndalipulumutsa.

Koma walira mvula walira matope. Munthu wobwera pamaliro sachoka ndi njala. Anadya mpunga wonse, anadya mbuzi za Che Bwanali, nkhuku, nkhunda, chimanga cha mbewu, mapapaya osapsa, anathyola mpanda nkusonkhezera moto, mpopi wa dera lonse unauma ndi tiyi. Ndipo poti anabwera ulere, ankadikira kubwereranso ulere. Anakhala mpaka sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, akufunsana kuti kodi womwalirayo anali mwamuna kapena mkazi.

Atachoka, Che Bwanali anandiitanira pamene panali khola. Sanakalipe. Anati, "Akamwini, nthawi munasunga, sitikukana. Koma mbumba yanga singakwanitse kukhala ndi munthu wa anzake ambiri chonchi." Ukwati wanga ndi Asiyatu unathera pomwepo. Zinandiwawa, ndinkamukonda mkazi ameneyo.

Ndiye inu pitirizani kukangana. Ine ndimangoti msewu ukakhala wopanda kanthu masana, musiyeni munthu adutse yekha, simudziwa chimene wanyamula pachifuwa. Wokayika apite ku Chilobwe akafunse kwa Asiyatu. Akakhala kuti wachoka, afunse mwamuna wake wa lero, nkhaniyi amaidziwa bwino. Anabwera atakhala pa boneti yanga, ndinakamutula ndekha pakhomo.