Makhadi a ku Japan, Simbi ndi Alamu Anga

Lolemba
Mnzanga wa kuntchito, Mjapani, akubwerera kwawo ndipo wandisiyira kabokosi ka makhadi akale a makatuni a kwawoko: maloboti, atsikana a maso ngati kadzidzi. Akuti alipo anthu amawagula modula. Ndiwagulitsa, ndipeze tikiti ya ndege yokaikira chiliza cha bambo ku Ntcheu. Zatheka basi.

Lachiwiri
Ndakwera basi kuchoka kwathu ku Scarborough, kenako sitima ya pansi pa nthaka, mpaka kusitolo ya makhadi m'tauni. Ndatenga atatu ongoonetsa. Mwini sitolo akuwaunika ndi galasi lokulitsa ngati dokotala. Akuti mtengo uli pa maonekedwe:
- ngodya zosafumbutuka
- popanda khwinya
- chithunzi chikhale pakati penipeni

Angawa akuti apindika pang'ono, komabe ndibwere nawo onse Loweruka. Pepala la zaka makumi awiri lisapindike? Iyeyo msana wake ndi wowongoka?

Lachitatu
Ndikuwawongola ndi simbi. Asanu oyamba asungunuka nkhope. Loboti wina wakakamira kusimbi, ndipo akazi anga, mayi a Tadala, akufunsa chimene chadetsa yunifolomu yawo ya kuchipatala.

Lachinayi
Otsala ndawapsinja ndi Baibulo lalikulu pawindo. Windolo likudontha. Khumi anyowa, atupa ngati zitumbuwa. Nyumba yotchedwa yapamwamba imeneyi!

Lachisanu
Alamu a Banda, a ku Chipata, abwera kuchokera ku Brampton ine ndili kuntchito. Mayi a Tadala awafotokozera mavuto anga. Iwo, mwachifundo chawo, atenga abwino onse, akawamata pulasitiki pa makina a kuntchito kwawo. "Manje apa ni permanent, mulamu, olo mvula." Aimirira pakhomo, akudikira zikomo.

Loweruka
Mwini sitolo watseka maso kwa kanthawi. Akuti khadi lomatidwa pulasitiki ndi lakufa, silimatulika. Limodzi mwa amenewa wakhala akulisaka zaka zambiri, ndipo likanandifikitsa ku Lilongwe ndi kubwerako, ngakhale lopindika. Ngakhale lopindika! Lachiwiri lija pakamwa panali pomata? Akufunsa amene wachita zimenezi. Ndangoti achibale.

Lamlungu
Alamu abwera kudzatitenga kupita kutchalitchi. Potuluka, galasi la galimoto lauma ndi ayezi, chopalira chawo chathyoka. Ndapisa m'thumba la jekete, ndawapatsa khadi losowa lija. Likupala bwino kwambiri, nanenso ndavomereza. Apempha lina la galimoto ya akazi awo. Ndawapatsa awiri.