Besi Yanga ya Mlombwa ndi Mawu a NyaMoyo

Sekani ndithu, inu a kabaza, poti mukundiona pano pamsika ndikutokosa mawayilesi akufa. Koma amene akuti ndikunama apalase njinga mpaka ku Manyamula, akaone ming'alu ili m'zipupa, abwere adzandiuze amene anaing'amba. Ine Kamwendo wa ku Dedza, amene ntchito ya boma inandiponya kuno ku Mzimba, ndinajambula chimbale cha nyimbo za roko m'chigafa cha fodya ku Manyamula komweko, zipani zitangochuluka kumene. Ndikulumbira.

Tinalipo atatu. Mphunzitsi Chirwa anali ndi gitala yofiira imene amalume awo anabwera nayo kuchokera ku Joni, yakuthwa mawu moti akakanda kawaya kakang'ono, ndevu za amene wayandikira zinkayoyoka zokha, ndipo ometa a ku Manyamula anakadandaula kuti tikuwaphera ntchito. Besi ndinasema ndekha kuchokera ku mtengo wathunthu wa mlombwa, moti poinyamula tinkamanga ng'ombe ziwiri, ndipo waya wake wamkulu unali uja wokokera malole otitimira m'matope. Nanga ampulifaya yokwezera mawu? Ndinaphwasula mawayilesi makumi anayi, matumbo ake onse ndinawalumikiza mumgolo wa mafuta, n'kumangirira mabatire a mathirakitala asanu ndi awiri, ndipo nditangoyatsa poyesa, ndisanakhudze waya ngakhale umodzi, nkhuku za m'mudzimo zinaikira mazira owiritsa kale. Mukumva?

Wachitatu anali woimba, mkazi wanga NyaMoyo. Chimbalecho ndiye anachipempha. Anali atadwala chaka chathunthu, mikono itatsala ngati bango, ndipo tsiku lina akuyamwitsa mwana wathu Tiyezge anati, “A Kamwendo, mundijambule mawu. Mwanayu adzandimveko akadzakula.”

Tinamunyamula pampando tsiku Loweruka, dzuwa lili paliwombo. Kaseti inali imodzi, mpweya wa NyaMoyo nawonso unali wongokwanira ulendo umodzi. Titangoyamba anandikodola.

“Besi yakwera chomene. Tsitsaniko.”

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Koma panja anthu anali atadzaza, akusuzumira m'mipata ya udzu, ndipo ine ndinali nditasema chinthu chija miyezi itatu. Ndinapotoza kakonokono ka ampulifaya kukweza besiyo.

Abale anga, nditakoka waya wamkulu uja, nthaka inadumpha, chimanga chinaphulika m'nkhokwe zonse mpaka ku malire a Kasungu moti anthu anadya mbuliwuli mwezi wathunthu, fodya wopachikidwa pamwamba pathu anadzipera yekha n'kutsika ngati fumbi, chigawo chonse chinayetsemula nthawi imodzi, mtsinje wa Mzimba unatembenuka n'kuyamba kukwera phiri nsomba zikusambira chafutambuyo, ndipo kuno ku Boma makalaliki anapeza zilembo zonse zitagwa pamapepala, n'kumazisesa ndi tsache. Mukumva? Nyimbo zisanu ndi imodzi, osapuma. Ndinkaona pakamwa pa NyaMoyo pakutseguka, mitsempha ya m'khosi itaima, maso ali pa mwana amene anagona pamphasa, ndipo mumtima ndinkati, lero ndiye dziko landidziwa.

Titamaliza anatsamira pampando, thukuta lili kamukamu.

“Yewo, a Kamwendo. Mbwenu ndamaliza.”

Sanapemphe kuti aimvere kasetiyo. Mvula isanagwe tinamuika m'manda. Chirwa naye anatsatira chaka chinacho, gitala yake abale anagulitsa kwa munthu wa ku Zambia. Besi ndinaiwaza, inaphika maliro onse awiri, nkhuni zina n'kutsala.

Kasetiyo ndinaimvera ndili ndekha patatha sabata chiikireni maliro. Ndinabweza, ndinatembenuza, ndinasintha wayilesi, ine amene ndimaukitsa mawayilesi oti eni ake anawalira kale. Ndinatsuka mutu wa makina, ndinaika khutu pasipika mpaka linatuluka magazi.

Tiyezge pano ndi namwino ku Kasungu, ali ndi ana ake awiri. Akabwera pa Khirisimasi amafunsa, “Adada, tepi ya amama ija simunaipezebe?” Ine ndimati inadyedwa ndi chiswe.

Sinadyedwe. Nayi m'thumba la jekete umu. Amene akufuna ndimuikire, amve yekha besi imene inabweza mtsinje. Ikumveka bwino zedi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mbali zonse ziwiri. Za mtsinjezo mukhoza kukana, ine sindilimbana nanu. Koma mawu a mkazi wanga mulibemo, ngakhale amodzi.