Kuphunzira Kudya Lameni

Lolemba

Thoko wayankha. Mwana wanga yekhayo, amakhala ndi mayi ake ku Kempton Park. Kumapeto kwa mwezi akusamukira ku Durban limodzi ndi mwamuna watsopano wa mayi akewo, uja wa galimoto. Ndinapempha tionane asanapite. Walemba kuti: "Ok. Saturday. Ramen. Pls osandichititsa manyazi."

Mawu a Chichewa m'menemo ndi awiri okha, ndipo ndi omwewo akundibaya.

Lameni sindikumudziwa. Ndafunsa a Mbewe, eni nyumba kuno ku Tsakane, amene anakumba mgodi mpaka mapapo kutha. Akuti, "Lameni? Ndinagwira naye. Wa ku Mzimba. Anamwalira."

Foni ikuti ndi chakudya cha ku Japan. Msuzi, zingwe zaufa, dzira, ndiye umadya ndi timitengo tiwiri.

Pulani:
kuphunzira timitengo
kuzungulira malesitilanti, ndione mmene anthu amakhalira
Lachinayi kukayesa ndekha
Loweruka kudya ngati munthu, kenako ndimupemphe kuti holide ya Disembala adzakhale kwa ine.

Akakana Lowerukali, mwana wapita basi.

Lachiwiri

Kuntchito ku Isando, makatoni kuyambira m'mawa. Pa nkhomaliro ndikuyeserera ndi mabolopeni awiri. Nyemba yauluka mpaka pa katundu wa kasitomala. Foromani akuti, "Wena Malawi, uyathakatha?" Onse aseka, inenso ndaseka. Kuno ku Joni mlendo akamatchedwa mfiti amaseka ndi mano okha, maso ali kuchipata.

Madzulo, manudozi a m'paketi a pa kagolosale ka spaza ndi timitengo ta kanyenya. Zofika kukamwa ndi zochepa, zambiri zili pamalaya. Chala chapakati chatupa.

A Mbewe ali pakhomo, akutsokomola: "Mulungu anakupatsa zala zisanu, iwe ukukabwereka ziwiri kumtengo."

Lachitatu

Poweruka ndatsikira pa molo ina, chinyumba cha masitolo, ku Boksburg. Ndikadali mu ovolosi, ndiye kulakwa kwake.

Kwa Ataliyana: mlonda akuti odzatenga katundu amalowera kuseri.
Kwa Amwenye: ndayetsemula ndili pakhomo, ndabwerera.
Kwa nsomba zosaphika: yaiwisi ikudula kuposa yokazinga, chonsecho mafuta sanagule.
Kwa mabega: ana okhaokha, phokoso ngati kudibi.

Kwa lameni ndi kumapeto, pafupi ndi zimbudzi. Kachipinda kamdima, nyali zofiira. Ndaima pagalasi ngati wofuna ganyu. Anthu ovala bwino akukoka zingwe ndi mlomo, fyuu, mopanda manyazi. Ine ndikanadya choncho ndili mwana, amayi akanandisasantha ndi chipande.

Weta wina wandiona. Mayendedwe ake ndi akwathu. Wayang'ana kumbali, inenso ndayang'ana kumbali. Ndi mmene timapatsirana moni masiku ano.

Lachinayi

Tsiku loyesa. Ndavala malaya oyera. Ndalowa, ndakhala, ndaloza chithunzi pa menyu. Weta ndi wadzulo uja. Iye Chingerezi, ine Chingerezi, tonse chothyokathyoka mofanana.

Mbale yafika. Fungo lake! Msuzi woyera, nyama ya nkhumba, dzira lodula pakati, masamba. Mumtima ndikuti ndiwo ndi izi, koma msuzi achulutsa. Ndapinda manja, ndikudikira papa, nsima ya kuno. Munthu woleredwa sayamba ndiwo mwini wake asanafike patebulo.

Ndadikira. Apafupi adya, alipira, apita. Afika ena. Zingwe zafufuma, mafuta aundana pamwamba. Ndikungomwetulira kuti asaone ngati ndine wadyera.

Mapeto ake weta wawerama ngati akupukuta tebulo. Wanong'ona: "Achimwene, palibe chikubwera. Chakudya ndi chomwechi."

Ndi wa ku Dedza. Ndikanakonda akanakhala wa kwina kulikonse.

Ndadya wozizira, ndi foloko, mutu uli pansi. Ndafika kunyumba njala ikundipweteka. Pulani yatsala mwendo umodzi.

Lachisanu

Magetsi azima. Ndabwereka simbi yamakala kwa a Mbewe. Malaya oyera aja tsopano ali ndi zenera pamsana. A Mbewe andibwereka jekete yomwe anakwatira nayo. Ikununkha fodya, manja ake akuthera pachigongono.

Mayi ake a Thoko aimba. "Usakayambe za Disembala, she has plans." Ndayankha kuti ndamva. Sindinamve.

Uthenga wa Thoko: "Ndibwera ndi friends awiri." Basi mbale zinayi. Ndimaganiza kuti tikhala awiri, ndimuuze za agogo ake, ndimufunse ngati akukumbukira tikukwera sitima kupita ku Germiston iye ali pakhosi panga. Zimenezo sungazinene pali anthu.

Chabwino chimodzi: ndanyamula mtedza ndi timitengo, kuchokera m'mbale mpaka kukamwa, osagwa. A Mbewe awomba m'manja mpaka chifuwa chawayamba.

Ndikuopa mawa kuposa mmene ndimaopera apolisi.

Loweruka

Ndafika asanatsegule. Jekete sindikuvula ngakhale kukutentha.

Abwera atatu, onse maso pa foni. Thoko watalika. Chipumi ndi cha amayi anga ndendende. Ndaimirira, ndatambasula manja onse awiri, iye wandipatsa phewa limodzi. Watembenukira anzake.

"Guys, this is malume."

"Hi malume," atero anzakewo.

Ndakhala pansi.

Mbale zafika. Sindinadikire kanthu. Timitengo tikundimvera ngati ndinabadwa nato. Ndipo ndisaname, lameni wotentha ndi wokoma. Msuzi wa mafupa umagwira milomo, nyama imasungunuka usanatafune, thukuta limatuluka pamphuno. Ndakoka zingwe, fyuu, ngati aja a Lachitatu. Palibe dontho pa jekete. Palibenso amene wandiona, onse akujambula mbale zawo.

Ndatenga dzira langa, ndaika m'mbale mwake, monga ndinkachitira ali wamng'ono. "No malume, ndili bho." Walikankhira pambali.

Weta wa ku Dedza wamva zonse. Wandibweretsera madzi osaitanitsa, wandigwira paphewa podutsa.

Mawu a Disembala afika pakhosi, abwerera, afikanso. Foni yake yalira. Waimirira, wakonza tsitsi, wauza anzake: "Let's go, my dad's outside."

Ndawaperekeza mpaka pakhomo la lesitilanti, osapitirira. Ndabwerera patebulo. Ndadya dzira lija, chifukwa kutaya chakudya ndi tchimo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndabweza jekete.

A Mbewe andifunsa, ndawauza zonse. Akuti, "Kwathu ku Dowa malume ndiye mwini mbumba. Mwana ndi wake, bambo ndi mlendo pamudzi. Wakukweza udindo mwanayo, usadandaule."

Ndathokoza. Akunena zoona, kwathu zili choncho. Koma Thoko ndi wa kuno, ndipo kuno malume ndi aliyense: woyendetsa tekisi ya ana asukulu, wogulitsa tomato pakona, mlonda wa pageti. Ndikudziwa malume amene iye amanena. Zikundiwawa, ndipo sindikumukwiyira. Ndani angaloze jekete ija n'kunena kuti awa ndi bambo anga?

Sabata yonse ndaphunzira zala, ngati vuto linali zala.

Masana ndalemba uthenga: "Uyende bwino mwanawe. Disembala khomo ndi lotsegula." Pofika pansi ndaima. Sindikudziwa ndilembe kuti wachokera kwa ndani. Ndalemba dzina lina, ndafufuta, ndalemba linalo, ndafufutanso.

Sindinatumize. Ovolosi sinaume, ndipo mawa ndi ku Isando.