Timiphika ta a Yakobe

M'mawa uliwonse, asanamwe ndi tiyi yemwe, a Yakobe ankayanika timiphika tawo padzuwa. Sitinali tophikira ayi. Tinali timphete tadothi lowotcha, tating'ono ngati zotsekera mabotolo. Ankatiyala palichero n'kumagogoda kamodzikamodzi pafupi ndi khutu, ngati munthu wosankha mavwende. Ine ndinkangosuzumira pawindo la golosale ya amayi, poti kufunsa ndinkachita manyazi.

Anandifotokozera okha tsiku lina ndikuwapatsa chenje. Luso lowotcherera mabauti pachitsulo analitenga ku Tete. Bauti amaiika m'chida chamagetsi chomwe iwo ankati mfuti, kamphika n'kuzinga kunsi kwake. Akakhethemula, bauti imanyamuka pang'ono, moto n'kuthetheka, chitsulo n'kusungunuka, bauti ija n'kutitimiramo munthu asanaphethire kawiri. Kamphika kamagwira chosungunukacho kuti chisatayike, mphepo isachilowe. Kakatero, kamaswedwa ndi nyundo. Pakuswa kalikonse a Yakobe ankavula chipewa n'kunena kuti, "Yendani bwino, ntchito mwaigwira."

A Yakobe atapeza ntchito ya kamlatho ka ku Kanduku, injiniya wa ku Blantyre ananeneratu kuti bauti imodzi yokha ikathyoka poyesa, ntchitoyo ipita kwa ena. Litatsala tsiku limodzi, akazi awo a Deliwe anaona timiphika tili fumbi lokhalokha, n'kutitsuka bwinobwino ndi sopo. Kunja kunali mvumbi. Chonsecho kamphika konyowa kamasiya timaenje m'chitsulo.

"Mayi, mwatsuka ndi dzina langa lomwe," anatero a Yakobe atagwira mutu.

"Nanga ziwiya zizikhala zakuda m'nyumba mwanga, anthu aziti chiyani?"

A Yakobe anabwereka chiwaya cha mandasi cha akazi awowo, n'kukazinga timiphika pambaula ngati mtedza, pakhonde, boma lonse likuona. Dalaivala wina wa thiraki anaima kufunsa mtengo wa mulu umodzi. A Yakobe anamuuza kuti abwerenso akaikitsa mano achitsulo.

Ku Kanduku injiniya anamenya mabauti mpaka malaya kunyowa. Mabautiwo anapindika, koma sinathyoke ndi imodzi yomwe. Lero pamlathopo pamadutsa njinga zamakala ndi amayi opita kuchipatala, ndipo aliyense amautcha wa a Yakobe.

Anatisiya mu Juni. Mumsewu mwathu simumvekanso nyundo, ndipo ine ndimasuzumirabe pawindo mosadziwa. M'mawa wotsatira maliro, a Deliwe anatulutsa lichero, n'kuyala padzuwa timiphika totsala. Tinali fumbi lokhalokha. Sanatitsuke.