Zitumbuwa Zotsekera Alamu Pakamwa

Lolemba
Alamu, achemwali awo a bambo a Tamanda, akubwera Lamulungu kuchokera ku Blantyre. Omwe aja ananena pa Khirisimasi kuti, "Kumudzi kuno mumangodziwa chigumu." Mawuwo akundiwawabe. Ndiye ndawakonzera: zitumbuwa za tchizi, ndaonera pafoni, zoti azidya podikira mpunga ngati kuhotela. Zofunika: mgaiwa, mazira, mchere, mafuta, tchizi. Tchizicho wandibweretsera wakabaza kuchokera ku Milange, kachiduswa kachikasu. Adzandidziwa!

Lachiwiri
Kuyeserera. Zoyamba zapserera kunja, m'kati muli mwamuwisi. Koma zachiwiri, mayo ine! Ukanyema zikuchita kunanda ngati ulimbo. Ndadya zonse chiimire, bambo a Tamanda asanaweruke kothyola tiyi.

Lachitatu
Fungo ndi mdani. Ndangoponya ziwiri m'mafuta, "Odi!" Mayi a Fatima, ati kudzapala moto. "Odi!" Wina akubweza sefa yomwe anabwereka chaka chatha. Wachitatu alibe n'chifukwa chomwe, wangofika n'kukhala pansi. Munthu ungamumane akuona? Tchizi chatsala theka.

Lachinayi
Dzuwa likuswa mtengo, tchizi chikuchita thukuta. Filiji tilibe. Ndachibisa kuseri kwa mtsuko wa madzi, pozizira bwino, poti mwana sangafike. Nzeru ndili nazo ine.

Lachisanu
Amayi anga abwera kuchokera kumtsinje atakwiya. "Sopo wanji wosachita thovu uja unaika kumtsuko? Anakubera, mwana wanga." Achapira bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Kotsalako aponya m'madzi! Sindinalire ayi, ndangokhala pansi n'kugwira tsaya. Agalu akuzungulira chingwe choyanikira zovala.

Loweruka
Ku Chitakale, sitolo ndi sitolo. Wina akuti, "Tchizi? Majarini simungatenge?" Wakabaza uja foni wazimitsa. Miyendo yatupa. Bambo a Tamanda akuti, "Ingowaphikira chigumu." Ndangowayang'ana, atuluka okha.

Lamulungu
Zitumbuwa wamba: mgaiwa, dzira, mchere, majarini. Ndaumba ting'onoting'ono, ndabayapo timitengo, ndaika pa mbale ya alendo. Ndapereka. "Za tchizi izi, alamu, cha ku Mozambique."

Aluma. Atsinzina. "Eee, ichi ndiye chenicheni, osati zam'tauni zija! Ine tchizi ndimachidziwa. Ndi fungo lomwe likuchita kundipeza pano." Pamphasapo akhala moyandikana ndi amayi, omwe angochokera kutchalitchi, bulauzi ija ili m'thupi.

Mbale yonse aseseratu. Za chigumu sanatchule. Ndapambana, koma ndikauze ndani? Ndiye potsanzika akuti pa chinkhoswe cha mwana wawo ndikaphike zomwezi, alendo akadabwe.

Basi, nditani nanga. Majarini ndigula. Amayi ndipita nawo, ndipo bulauziyo asayerekeze kuichapanso.