Fupa la Mbuzi Pathebulo la Dotora

Mpaka lero ndikamadutsa pamene amagulitsa nyama ya mbuzi pamsika wa Tsangano ndimayang'ana kumbali. Mbuzi sinandilakwire. Manyazi ake ndinadzipalira ndekha.

Akazi anga, amayi a Roza, anaterereka pamtsetse atasenza thumba la kachewere, bondo n'kubinya. Kutupa kunatha, koma bondolo linkangogwedera, moti ankagwa ngakhale pabwalo posesa bwino. Atatitumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda, dotora wake, mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu Roza, anati mtsempha wogwira bondo unaduka. Anati adzatenga kamtsempha kena m'mwendo womwewo, n'kuboola mafupa, n'kukalowetsa mmenemo. Pomangirira pali njira ziwiri: kupanikiza ndi parafuzo, msomali wolowa mozungulira uja, m'kati mwa bowo, kapena kukoleka pa kabatani kokhala kunja kwa fupa.

Ine ndine kalipentala. Ndakhoma zitseko ndi ngolo moyo wanga wonse, koma sindinaonepo katundu wolemera akugwidwa ndi batani. Mantha anandigwira. Munthu amene wasenza banja lathu zaka zonsezi aziyendera batani? (Pamaso pa dotora ndinkangoti "sim, sim", eya wa Chipwitikizi, ngati ndagwirizana nazo.)

Tili kumudzi kudikira tsiku la opaleshoni, ndinaganiza zoyesa ndekha. Ndinagula mwendo wa mbuzi, nyama tinadya, fupa ndinaliboola pawiri. Ndinadula tizingwe tiwiri tachikopa, kena ndinakapanikiza ndi parafuzo, kena ndinakakoleka pa batani limene ndinathothola pa bulauzi ya amayi a Roza ya kutchalitchi (anazindikira Lamlungu, mpaka pano nkhaniyo sinathe). Nditapachika ndowa ya mchenga, batani linasweka pomwepo. Parafuzo inagwira.

Umboni woterewu sungausiye kunyumba. Tsiku lokaonananso ndi dotora ndinaukulunga m'pulasitiki n'kuika m'thumba la jekete. Kwathu kumazizira, zinthu siziola msanga, ndiye ndinaiwala kuti mumzinda dzuwa limawotcha ngati chiwaya. M'chapa, minibasi yopita kumzinda, anthu anayamba kuyang'anana. Mayi wina anasuzumira thewera la mwana wake kawiri konse.

Titalowa m'chipinda cha dotora, ndinamasula pulasitiki ija pathebulo. Namwino anathamangira kukatsegula zenera.

"Dotora, pepani, ndayesa zonse ziwiri. Batani siligwira."

Dotora anaphimba mphuno ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Koma sanandithamangitse. Analitenga fupalo ndi magolovesi, n'kuliyang'ana mbali zonse.

"Mabowo mwaboola bwino, bambo. Koma taonani batani lathu."

Anatulutsa kachitsulo kochepa ngati njere ya nyemba, n'kuti ndikathyole. Ndinayesa ndi zala, ndinayesa ndi mano, kachitsulo kali phee. Kenako anati njira zonse ziwiri zimagwira, ntchito yake n'kusunga mtsempha pamalo mpaka fupa litaugwira lokha. Kwa amayi adzaika batani kumtunda, parafuzo kumunsi.

Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Ndinatuluka nditanyamula fupa langa, amayi a Roza akutsimphina pambuyo ndi ndodo. Ndinkadikira kukalipiridwa.

"Bambo a Roza, mumaopa kuti sindidzayendanso?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Inenso ndimaopa," anatero. "Koma ine sindinanunkhitse chipatala."

Atatero anandigwira dzanja, lomwe lija lonunkha mbuzi, pakhonde podzaza anthu. Chikwatirane sanachitepo zimenezi pagulu, ndipo sanalisiye mpaka tinafika pachipata.

Opaleshoni inayenda bwino. Patapita miyezi yambiri ya kupinda ndi kuwongola mwendo, anabwerera kumunda. Ndinaphunzira kuti fupa la munthu si thabwa, ndipo za m'chipatala ndimasiyira eni ake. Komabe tikamatsika phiri pochokera kumunda ndimayenda patsogolo pawo, pafupi kwambiri, mikono ili chire. Iwo amati ndimawatsekera njira. Ine sindisuntha.